A Injiniya a Nkhunda a ku Kabwe

Mu Kabwe muli makampu awiri a asilikali okhala ndi maina omwe si a Chilenje, si a Chibemba, si a Chinyanja: Chindwin ndi Kohima. Anthu amawatchula tsiku ndi tsiku pokwera minibasi, koma ndi ochepa angakuuzeni kuti Chindwin ndi mtsinje wa ku Burma, dziko lomwe lero tikuti Myanmar, ndi kuti Kohima ndi tauni ya m'mapiri a ku India komwe kunagwa anthu ambirimbiri mu 1944. Ku Lusaka kuli Arakan, ku Ndola kuli Kalewa ndi Tug Argan, ku Chipata kuli Gondar. Maina onsewa anabwera ndi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo ambiri mwa malowa anyamata a kuno anawaponda ndi mapazi awo. Mmodzi mwa anyamatawo anali agogo anga, bambo a mayi anga, omwe a mu komboni ankangowatchula kuti a Injiniya a nkhunda.

Kwawo kunali kum'mawa, m'dera la Fort Jameson, Chipata wa lero. Anaphunzira kuwerenga pa sukulu ya m'mudzi ya Adatchi, amishoni omwe anafika ku Magwero mu 1899 n'kubzala mpingo umene lero ndi Reformed Church in Zambia. Kuwerengako n'kumene kunawasankhira njira. M'gulu la Northern Rhodesia Regiment ankalamula m'Chinyanja, moti Mlozi, Mtonga kapena Mbemba akalowa usilikali ankayenera kuchiphunzira. Mnyamata woyamwira chinenerocho, wodziwanso kugwira pensulo, akuluakulu sankamusiya kuti azingosenza mfuti. Agogo anawaika kwa otumiza mauthenga. Ntchito yawo inali kubereka mkulungo wa waya wa telefoni, kuuyala m'thengo, ndipo ukaduka usiku, kuutsata ndi zala mumdima mpaka kupeza podukapo.

Asilikali a 11th East African Division, momwe munali a ku Kenya, Uganda, Tanganyika, Nyasaland ndi Northern Rhodesia, anayamba akhala ku Ceylon kuzolowera nkhondo ya m'nkhalango. Mu 1944 anawatsitsira m'chigwa cha Kabaw mvula ili pakati, n'cholinga choti apirikitse Ajapani omwe ankabwerera m'mbuyo. Kumeneko malungo, matope ndi misundu zinkagwetsa anthu osamva ngakhale kulira kwa mfuti, ndipo chakudya chinkachita kuponyedwa ndi ndege. Kumayambiriro kwa Disembala anafika pa Kalewa, m'mbali mwa Chindwin. Za kuwomberana agogo sankazikamba. Ukawaumiriza ankangodzuka kukaona madzi a nkhunda. Chomwe sankatopa nacho ndi mlatho. Pa Kalewa pomwepo mainjiniya a gulu lankhondo analumikiza zitsulo za mtundu wa Bailey pamwamba pa mabwato, n'kuyandamitsa mlatho wa mamita pafupifupi 350 m'masiku owerengeka. Ankaujambula pansi ndi kamtengo, bwato ndi bwato, n'kundifunsa kuti: "Tandiuza mdzukulu, madzi akadzaza, mlathowu utani?" Yankho lake n'lakuti umakwera nawo. Ndinalidziwa kalekale, koma funsolo silinkaphonya.

Kunkhondo komweko n'kumene anaona nkhunda zili pa ntchito ya boma, zili m'madengu, kakalata katamangidwa kumwendo. Wailesi ikafa, waya ukaduka, mbalame inkafika. Dziko la Britain linagwiritsa ntchito nkhunda pafupifupi 250,000 pa nkhondoyo, ndipo mendulo ya Dickin, yomwe inakhazikitsidwa mu 1943 kuti izipatsidwa kwa nyama zolimba mtima, inapita kwa nkhunda 32. Agogo akamva chiwerengerochi ankaseka mpaka kukhosomola, amvekere nkhunda za Azungu zinayamikidwa msanga kuposa asilikali akuda.

Atavula yunifomu sanakhalitse kumudzi. Analowera ku Broken Hill, dzina lakale la Kabwe, komwe mtovu ndi zinki zinapezeka mu 1902 ndipo njanji inafika mu 1906. Alendo amaidziwa tauniyi chifukwa cha chigaza cha munthu wakalekale chomwe chinafukulidwa mumgodi mu 1921, chimene mpaka pano chili ku London. Koma mgodiwo unkapuma ndi magetsi. Kuyenga zinki kumadya magetsi ochuluka, n'chifukwa chake kampani ya mgodiwo inatseka mtsinje wa Mulungushi, makilomita ngati 50 kum'mwera chakum'mawa kwa tauni, n'kumanga siteshoni yomwe inatsegulidwa mu 1925 ndi Prince of Wales, amene pambuyo pake anadzakhala mfumu Edward VIII. Madzi amachoka m'damu, n'kutsetsereka m'mapaipi mamita oposa 300 kulowa m'phompho, ndipo mphamvu ya kugwako ndi imene imapukusa makina. Munthu wodziwa waya anali ndi malo pamenepo, kungoti malo ake anali apansi.

Apa m'pamene achinyamata samvetsa ndikamawafotokozera. Masiku amenewo ntchito zaluso m'migodi zinali za Azungu okha, ndipo kwa zaka zambiri munthu wakuda sankaloledwa kulembedwa ngati wophunzira umisiri kuti adzalandire pepala. Agogo analembedwa ngati sipanala boyi. Ankanyamula bokosi la zida, kupereka pulayala, kugwira makwerero. Zoona zake, mzungu akapita kukamwa tiyi, sipanala boyi ndiye ankatsiriza ntchito. Bungwe la ogwira ntchito m'migodi akuda litakhazikitsidwa mu 1949 motsogozedwa ndi Lawrence Katilungu, mpanda umenewu unayamba kugwedezeka, koma unatenga nthawi kuti ugwe. Ufulu utabwera mu 1964, dziko lonse linali ndi anthu a digiri ongopitirira 100 pang'ono. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo anyamata ake oyamba a uinjiniya atafika ndi mapepala, anawapereka m'manja mwa akapitawo ngati agogo kuti awaonetse makina enieni. Digiri agogo analibe. Dzina loti Injiniya anawapatsa ndi anthu omwe ankaona amene akuitanidwa usiku magetsi akazima.

Luso lawo lalikulu silinali kukonza chowonongeka ayi, koma kuchipeza chisanawonongeke. Ankasanjika nsonga ya sikuludilaiva pa mota ikuyenda, chogwirira n'kuchikhudzitsa kukhutu, n'kunena kuti bering'i iyi yatsala ndi masabata ochepa. Ankanunkhiza thiransifoma. M'thumba la ovolosi munkakhala kabuku momwe ankalemba tsiku lothira girisi, tsiku losintha mafuta, boti iti yayamba kukhwepa. Ntchito yotereyi siioneka, pakuti ikagwiridwa bwino palibe chimene chimachitika. Pa thanthwe la Mulungushi, kumpoto kwa tauni, pomwe chipani cha UNIP chinkachitira misonkhano yake ikuluikulu, ndi pomwe Kenneth Kaunda analengezera mu Epulo 1968 kuti boma litenga gawo lalikulu m'makampani ambiri, amafikapo ana a sukulu kudzaphunzira mbiri. Si zolakwika. Koma mtsinje womwewo, kumunsi kwake, uli ndi siteshoni yomwe yakwanitsa zaka 100, ndipo mayina a anthu othira girisi sanalembedwe pa mwala uliwonse.

Ku tchalitchi anali mkulu wa mpingo, ndipo kabuku kaja kankalowa nawo momwemo: denga likudontha pati, belu lang'aluka liti, wodwala uti sanayenderedwe. Buku Lopatulika lawo linali lakuda ndi zala za girisi m'Masalimo monse. Chikhristu chawo chinali chouma ndithu, ndinene. Lamulungu sankagwira sipanala ngakhale wailesi ya abusa itafa. Mnansi wina atawapempha kuti amukokere magetsi mwakuba kuchokera pa pholo, anakana, ndipo mabanja awiriwo anatha nyengo yaitali osabwerekana mchere. Ife ana tinkaona ngati nkhanza. Iwo ankati waya wokoka mobisa sasankha woti amuphe, ndipo nthawi zambiri amapha mwana.

Kufewa kwawo konse kunali kukhola la nkhunda. Linali kuseri kwa nyumba, pa nsanamira zinayi zazitali, iliyonse itavekedwa lata loterera kuti likongwe, khoswe kapena mphaka asakwere. Kumudzi zisa amapangira makungwa a mitengo. Iwo anakhoma mabokosi a matabwa otayidwa, lililonse ndi nambala yake. Pa khola pamenepo ndinaphunzira zomwe kusukulu sanandiuze. Nkhunda imaikira mazira awiri basi, n'kuwakhalira masiku ngati 18, yaimuna masana, yaikazi kuyambira madzulo mpaka m'mawa. Maunda akaswa, makolo onse awiri amatulutsa pakhosi chakudya chonga mkaka n'kumawadyetsa kukamwa. Pakatha masabata anayi maunda aja asanduka mbalame, pomwe amayi awo ayamba kale kuikira ena. Nkhuku imamwa n'kuyang'ana kumwamba kuti madzi atsike, koma nkhunda imaviika mlomo n'kukoka osadzutsa mutu, choncho chomwera chimafunika chakuya pang'ono ndi chotsukidwa tsiku lililonse. Ankazipatsa misere, mapira ndi nyemba zosweka, osaiwala timiyala ta mchenga togayira chakudya m'nthutumba. Kabawi akazungulira, khola lonse linkati zii, agogo n'kutuluka ndi legeni yomwe sindinaionepo ikulasa kanthu.

Akuluakulu amati nkhunda sizikhala pakhomo pa ndewu. Agogo ankavomera, koma ndi chifukwa chaumisiri: pakhomo polongolola palibe amakumbukira kuthira madzi m'chomwera, ndiye mbalame zimasamukira kwa aneba.

Zawo sizinali za mpikisano. Ku South Africa ndi ku Belgium kuulutsa nkhunda ndi malonda a ndalama zoopsa. Mu 2020 nkhunda ya ku Belgium yotchedwa New Kim inagulidwa pa mayuro 1.6 miliyoni. Za agogo zinali za wodwala amene wakana nsima, za mlendo wofika dzuwa litapendeka, za mayi wochira kumene. Ankakonda kukumbutsa kuti m'chilamulo cha Mose maunda awiri anali nsembe ya wosauka amene sakanatha kupeza nkhosa, ndi kuti m'buku la Luka makolo a Yesu anapereka yomweyo. Mtsogoleri wa mvano akanena kuti uje wagona, madzulo ake ine ndinkatumidwa ndi kadengu.

Mgodi unatsekedwa mu 1994, uli m'manja mwa kampani ya ZCCM, iwo atapuma kale ntchito. Unasiya phiri la zinyalala ndi fumbi la mtovu lomwe lili m'dothi la Kasanda, Chowa ndi Makululu, ndiponso m'magazi a ana ambiri a m'makomboniwo. Mu 2020 nkhaniyi inafika ku khoti la ku Johannesburg, anthu a ku Kabwe atasumira kampani ya Anglo American. Agogo sanafike pamenepo. M'zaka zawo zomaliza ankawaza madzi pabwalo asanasese, ndipo chakudya cha nkhunda anasiya kumwaza pansi, n'kuchikhomera thabwa lake m'mwamba.

Pa maliro panabwera a mpingo, nkhalamba za kumgodi, ndi asilikali akale ochepa ovala mamendulo pa majekete otuwa. Titasesa, nkhunda zinagawidwa. Zomwe zinapita ku Chipata zinakhazikika. Zomwe zinatsala m'tauni, ku Bwacha ndi ku Katondo, zinabwerera zonse sabata isanathe, poti eni ake atsopano sankadziwa kuti nkhunda yosamutsidwa umaitsekera mpaka iikire mazira pamalo patsopanopo. Amalume anga aang'ono anaonapo mwayi: anagulitsa nkhunda ziwiri zomwezomwezo kwa bambo mmodzi wa ku Katondo kangapo konse, mpaka mayi anatulukira, n'kukabweza ndalamazo okha atanyamula mbalamezo m'dengu limodzi ndi bokosi lake la nambala 7.