Nkhope ya 1951, miyendo ya 1996

Loweruka lapitali ndinakwera Chevrolet 3100 ya 1951, ndipo titafika pa makilomita 105 pa ola, mwini wake anachotsa dzanja limodzi pachiwongolero n'kumenya pantchafu. Galimoto inkangoyenda myaa, osagwedera, osakokera kumbali. Tinayang'anana, kenako tonse tinaphulika kuseka.

Mukanaiona miyezi 14 yapitayo, bwenzi mukuseka nafe. Inali m'khola lakale la ng'ombe pafamu ina ku Indiana, pomwe inaimikidwa bambo a mwini wakeyu atamwalira. Matayala anali ataphwa n'kumira m'dothi. Mbewa zinali zitaboola mpando n'kuswaniranamo, ndipo matabwa a kumbuyo anali atafumbwa moti ukaponda phazi linkangolowa. Achikulirewa, omwe ndinayandikana nawo nyumba, atatsegula chitseko cha kholalo anaima kaye duu.

Koma nkhope yake, abale! Zitsulo zisanu zopingasa kumaso. Galasi lakutsogolo logawidwa pawiri. Timawindo tiwiri tokhota m'makona a kumbuyo kwa mutu. Mamadigadi otukuka ngati masaya a mwana wokhuta phala. Mtundu umenewu, wotchedwa Advance Design, Chevrolet inaupanga kuyambira 1947 mpaka kuchiyambi kwa 1955, ndipo mpaka lero anthu ku America akaiona amatembenuka. Dzimbiri linali litaidya, koma kukongola kunalipobe.

Vuto linali kunsi. Mawilo akutsogolo onse awiri amamangidwa ku chitsulo chimodzi chopingasa, choncho lina likagwa m'dzenje, linzake limamvanso, dalaivala n'kumvera mumsana. Mabuleki ndi a dilamu kumawilo onse anayi, ndipo mafuta ake amachokera mumpope umodzi: paipi imodzi ikabooka, mabuleki onse atha. Magetsi ndi a mavoti 6. Injini ya masilinda 6, ya malita 3.5, umailiza poponda sitata ndi phazi, ndipo ukadutsa makilomita 80 pa ola imayamba kubuula. Mawaipa amayendera mpweya umene injini imakoka, moti ukaponda moto pachitunda mvula ikugwa, amafooka pomwe ukuwafunitsitsa. Thanki ya petulo ili kuseri kwa mpando, m'mutu momwe mwakhala anthu. Lamba wapampando palibe.

Alipo okonda zakale amene amati galimoto yotere isasinthidwe ngakhale bawuti limodzi. Ndimawamvetsa, ndipo ikakhala yosungidwa bwino ndimagwirizana nawo. Koma iyi chasisi yake inali itaola, sikuludiraiva n'kumalowa ngati m'chinangwa chophika. Achikulirewa anandiuza kuti, “Mwanawe, ine sindikufuna chokongoletsa galaja. Ndikufuna kunyamula adzukulu anga n'kubwera nawo amoyo.” Mkangano unathera pomwepo.

Mankhwala ake amakanika a kuno anawapeza kalekale: chasisi ya Chevrolet S-10, kapikiapu kamene kanapangidwa kuyambira 1982 mpaka 2004. Chinsinsi chili pa muyezo. Kuchokera pakati pa wilo lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, 3100 ili ndi mainchesi 116, pomwe S-10 ya mutu waufupi ndi bodi yaitali ili ndi mainchesi 117.9. Kusiyana kwake sikukwana masentimita 5, zala zitatu basi, ngakhale kuti magalimotowa anapangidwa motalikirana zaka zoposa 40. Tinapeza ya 1996 yomwe mtengo unaigwera padenga, ndipo tinachita kukaitenga kum'mwera, chifukwa ku Indiana amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu ndipo mcherewo umadya zitsulo zakunsi.

Kuvula bodi ya S-10 kunatitengera masiku awiri okha. Chinatsala chinali chigoba chokhala ndi zonse zimene tinkasowa: wilo lililonse lakutsogolo lonjanja palokha, mabuleki a disiki kutsogolo, chiwongolero cha pawa, injini ya V6 ya malita 4.3, ndi magetsi a mavoti 12.

Tsiku lotsitsa mutu wakale pa chasisi yatsopano sindidzaliiwala. Tinaupachika ndi matcheni ku mtanda wa galaja, n'kukankhira chigoba chija pansi pake. Unatsika pang'onopang'ono, tcheni ikulira kwee, kwee, mpaka unakhazikika pa zidutswa za matabwa zimene tinachirikizira. Tinakoleka mamadigadi ndi mabawuti awiriawiri, n'kubwerera m'mbuyo kuti tione. Inali itakhala motsika kuposa kale, ngati yokonzeka kudumpha. Achikulirewa anavula chipewa.

Kenako inabwera ntchito ya chingwe, tepi ndi choko, ndipo apa ndi pomwe pamapambanira kapena kuonongekera chilichonse. Wilo likapanda kukhala pakati penipeni pa madigadi, ngakhale mwana amaona kuti china chake chalakwika, angakhale sangatchule kuti n'chiyani. Tinasuntha mutu uja kutsogolo, kuubweza, kuukweza, kuutsitsa, sabata yathunthu, tisanawotcherere zitsulo zoukhazikapo. S-10 ndi yopapatiza kuposa 3100, choncho mawilo ankabisala mkati ngati miyendo ya kamba. Kutsogolo tinawatulutsa poika masipesa, kumbuyo tinaikako difu ya S-10 ya 4x4 yomwe ndi yotambalala. Chasisi yatsopanoyi imakwera chamsana pamwamba pa mawilo akumbuyo, motero pansi pa bodi yonyamulira katundu tinapakweza. Ladiyeta inkalimbirana malo ndi bokosi la chiwongolero, ndipo tinaisema felemu yake katatu isanakhale. Za mawaya a kompyuta ya injini ndingoti anatidyera miyezi iwiri ya chisanu.

Penti tinabwezera yomwe inatuluka nayo kufakitale, yobiriwira modera, ya Forester Green. Kumbuyo tinayala matabwa atsopano onyezimira, thanki inasamukira kunsi kwa matabwawo, ndipo pampando pali malamba atatu.

Lero mukaima patali muona pikiapu ya 1951, ndipo simungaganize china. Wodziwa yekha ndi amene angawerame n'kuwerenga manati a pawilo: kale anali 6, pano ndi 5. Ukapotokola kiyi imalira kamodzi. Ukagwira buleki imaima pomwe wafuna. Loweruka lija titaima pomwetsera mafuta, anthu anatizungulira, ndipo mayi wina wa imvi anapempha kuti angogwirako chitseko, akuti agogo ake anali nayo yotere. Achikulirewa anamutsegulira kuti akhalemo ndithu. Pobwerera tinatenga adzukulu awiri, ine n'kuwapatsa malo, ndipo ndinawatsatira m'mbuyo pa galimoto ina ndikuona timitu tiwiri tikusuzumira pa timawindo ta m'makona tija.

Ngati kwanu kuli pikiapu yakale yomwe ikudyedwa ndi dzimbiri patsinde pa mtengo, musathamangire kuitana ogula zitsulo. Tengani tepi, muyeze kaye kuchokera wilo lakutsogolo kufika lakumbuyo.