Makina otchipa, inki yodula: zimene zimachitika mkati mwa pulinta

Ku Metangula, likulu la boma la Lago, pepala losindikizidwa limafunika tsiku lililonse. Mphunzitsi akufuna mayeso a ana, wachinyamata akufuna kalata yofunsira ntchito, wina wochokera ku Cóbuè kapena ku Meluluca akufuna kope ya chiphaso chake cha BI. N'chifukwa chake ena amakwera chapa kupita ku Lichinga, mtunda woposa makilomita 100, n'kubwerako ndi kapulinta kotchipa. Chimwemwe sichikhalitsa: inki ikatha kangapo, ndalama zogulira makatiriji zimaposa mtengo wa makinawo.

Kampani zambiri zimagulitsa pulinta ya inki pamtengo wotsika dala, podziwa kuti phindu lenileni lili pa katiriji. Katiriji yakuda ya HP 305, mwachitsanzo, imakhala ndi inki pafupifupi mamililita 2, osakwana ndi theka la supuni ya tiyi, ndipo imasindikiza masamba pafupifupi 120. Makatiriji ambiri alinso ndi kachipangizo kouza makina ngati katirijiyo ndi ya kampani yomweyo. Mu 2016 mapulinta ena a HP anayamba kukana makatiriji a makampani ena, ogula m'mayiko ambiri n'kudandaula kwambiri.

Komabe inkiyo si madzi wamba opaka utoto. Mu 1977 katswiri wa kampani ya Canon ku Japan, Ichiro Endo, anaona inki ikuthamanga kutuluka m'singano ya jakisoni itakhudzidwa ndi chitsulo chotentha chowotcherera mawaya. Mapulinta a inki a Canon ndi HP amagwirabe ntchito motero. Kumutu kwa pulinta, kumene kumatulukira inki, kuli timabowo mazanamazana, tating'ono kuposa kukhuthala kwa tsitsi. Kuseri kwa kabowo kalikonse kuli kachitsulo kamene kamatentha mpaka madigiri pafupifupi 300 m'kuphethira kwa diso, inki n'kuwira, kathovu n'kukankha kadontho kugwera papepala. Epson imagwiritsa ntchito timiyala timene timapindika tikalandira magetsi. Inki iyenera kuuma msanga papepala koma isaume m'timabowo, ndipo kuyanjanitsa ziwirizi n'kovutadi.

Apa m'pamene nyengo ya kunyanja imalowerera. Fumbi la mwera ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala zimaumitsa timabowo ta pulinta imene yangokhala masabata osagwira ntchito. Ikayatsidwa, imadzitsuka poyamwa inki n'kuitayira m'kasiponji kobisika mkati. Mwini wake amangomva kulira kwa makina, osadziwa kuti ndalama zake zikuthera pamenepo. Bungwe la Consumer Reports la ku America linapeza mu 2013 kuti mapulinta ena, akamagwiritsidwa ntchito mwa apo ndi apo, amafikitsa papepala theka lokha la inki kapena kucheperapo. Magetsi akathima mwadzidzidzi, kapena munthu akangozula waya kukhoma, mutu sumabwerera pamalo ake otsekera, ndipo umauma msanga. Kuzimitsa pabatani lake, kuifunditsa nsalu ndi kusindikiza tsamba limodzi pamlungu zimapulumutsa inki yambiri.

Ambiri amathira inki ya m'botolo mu katiriji yakale ndi sirinji. Zimatheka, koma sirinjiyo ikhale yatsopano. Singano yotoledwa pa zinyalala za chipatala imatha kupatsira matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C, ngakhale HIV, ikabaya chala. Botolo la inki likhalenso patali ndi ana, pakuti mitundu yake imakopa.

Kwa amene amasindikizira anthu pamsika, pulinta ya thanki, yothiridwa inki kuchokera m'botolo, ndiyo yanzeru. Epson inayamba kugulitsa zotere ku Indonesia mu 2010, kumene anthu anali atazolowera kale kumangirira mabotolo awoawo pambali pa makina. Botolo lakuda la Epson 103 lili ndi mamililita 65 ndipo limafika masamba pafupifupi 4,500. Pogula pulintayo imadula, koma tsamba lililonse limatsika mtengo kwambiri. Amene amasindikiza zolemba zakuda zokhazokha, kamodzikamodzi, angachite bwino ndi pulinta ya leza, chifukwa ufa wake suuma. Sumasungunukanso ndi madzi ngati inki ya mitundu, zimene n'zofunika kwa munthu wonyamula zikalata m'boti la ku Likoma mafunde akuwazira m'kati.