Foni yatilanda dzanja limodzi

Kwathu ku Bembeke, wamkulu akakuninkha mbale ya kachewere umanjuta pang'ono n'kulandira ndi manja awiri. Zikomo amayambira pamenepo, pakamwa pasanatseguke.

Abusa a ziweto ku Mongolia nawonso sasewera ndi ulemu wotere. Mlendo akamalowa mu ger, nyumba yawo yozungulira yonga tenti, saponda thabwa la pakhomo. Tiyi wamkaka wothira mchere amamulandira ndi dzanja lamanja kapena manja onse awiri, ndipo amalawako ndithu, chifukwa kukana ndi mwano.

Masiku ano ndikuona achinyamata ambiri akulandira ndi dzanja limodzi, linalo lili pa WhatsApp. Amalume sakalipa, amangoyang'ana. Komatu mawa mukadzafuna ankhoswe kapena malo olima, mudzaodira pakhomo pawo pomwepo. Foni iyambe yalowa m'thumba, anzanga.