Kusiya Ntchito Yakale ndi Kukatumikira Alendo ku Liwonde

Msewu wochokera pa Ulongwe m'boma la Balaka kulowera kum'mawa umakathera pagombe la mtsinje wa Shire, pamene bwato limaolotsa alendo kupita ku Mvuu, m'kati mwa nkhalango yosungirako nyama ya Liwonde. M'miyezi ya chilimwe galimoto za alendo zimadutsa m'midzi ya kumeneko zikufumbula fumbi, ndipo si anthu owerengeka, aphunzitsi, akalaliki a m'sitolo, asodzi ngakhalenso anyamata a kabaza, amene amaziyang'ana ndi kudzifunsa ngati sangathe kusiya zimene akuchita kuti akadye nawo ndalama za alendowo.

Maganizo amenewa si achibwana ayi. Nkhalangoyi, imene mbali yake yaikulu ili m'boma la Machinga, idakhazikitsidwa m'chaka cha 1973, koma kwa zaka zambiri misampha ndi mfuti za opha nyama mozemba zidaisakaza kwambiri. Zinthu zidayamba kusintha mu 2015 pamene bungwe la African Parks lidagwirizana ndi Boma kuti liziiyendetsa. Mu 2017 adabweretsamo nyama zaliwiro zotchedwa cheetah, mu 2018 mikango, mu 2019 zipembere 17 zochokera ku South Africa, ndipo mu 2021 mimbulu. Njovu nazo zidachuluka kotero kuti mu 2022 zokwana 263 zidasamutsidwira ku Kasungu. Kumene kuli nyama kumabwera alendo, ndipo mlendo aliyense amafuna womulandira, womuphikira, womuyendetsa pabwato ndi womulozera nkhwazi pamwamba pa mgwalangwa.

Tsono apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Msodzi wobadwira m'mbali mwa Shire amadziwa pamene pagona mvuu ndi nthawi imene ng'ona imaothera dzuwa kuposa wina aliyense wochokera ku Blantyre. Nzeru imeneyi ndi chuma ndithu. Koma mwini malo ogona alendo sangapereke miyoyo ya alendo ake kwa munthu amene satha kufotokoza m'Chingerezi chifukwa chake njovu yatambasula makutu, amene sadziwa chithandizo choyambirira munthu akavulala, kapena amene alibe chiphaso choyendetsera galimoto. Wopanda mapepala amalembedwa ntchito yosesa ndi yochapa, ndipo malipiro ake sasiyana kwenikweni ndi a kabaza amene adawathawa.

Sukulu zake zilipo. Ku Blantyre kuli Malawi Institute of Tourism, kumene amaphunzitsa zophika, kuperekera zakudya, kulandira alendo ndi kukonza maulendo, ndipo ophunzira amayeserera ntchito pa hotela ya Alendo. Wofuna digiri ya zokopa alendo amapita ku Mzuzu University. Wokonda za nkhalango ndi nyama zenizenizo ali ndi koleji ya ku Dedza yophunzitsa zankhalango ndi nyama zakutchire. Konseku khomo lake ndi satifiketi ya MSCE, kotero kuti amene adaphonya Chingerezi ayenera kuyamba wabwerera ku sukulu yamadzulo, ngakhale ali ndi ndevu ndi ana.

Nkhani yaikulu ndi ya ndalama, pakuti fizi ndi mbali imodzi chabe. Pali lendi ya m'tauni, chakudya, yunifolomu ndi thiransipoti, komanso banja limene latsala ku Ntaja kapena ku Utale, lomwe silisiya kudya chifukwa bambo ali pasukulu. Ambiri amasonkha ku banki m'khonde kapena kuchita chipereganyu ndi anzawo apantchito. Njira zimenezi n'zabwino pophunzitsa munthu kudzimana, koma magulu ambiri amagawana ndalama kumapeto kwa chaka, nthawi imene feteleza, mbewu, Khrisimasi ndi fizi ya ana zonse zili pakhomo kuyembekeza. Ndalama imene idasungidwira maphunziro imatha masabata awiri, mwini wake osadziwa kumene yapita.

Palinso mdani wina wosaoneka, amene amadya ndalama ili chitsekere m'bokosi. M'mwezi wa Meyi 2022 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Munthu amene adali atasunga K1,180,000 nthawi imeneyo adagona ali ndi ndalama zolingana ndi madola 1,000 a ku America, nadzuka ali ndi zosafika madola 700. Sadabe wina aliyense, komabe zidapita, ndipo mitengo ya zonse idakwera m'masiku otsatira. Chifukwa chake anthu ochenjera a kuno sasunga zonse m'makwacha. Ena amagula mbuzi, ena matumba a mpunga wa kudambo la Chilwa kapena nandolo nthawi yokolola kuti adzagulitse mitengo ikakwera. Nazonso zili ndi anankafumbwe, matenda ndi akuba, koma mbuzi imaswa, pamene kwacha siiswa. Ndipo akangopeza malo pasukulu, kulipiriratu fizi kumaposa kuisunga m'thumba.

Wokonzekera kusintha ntchito ayeneranso kudziwa kuti ntchito ya alendo ili ndi nyengo yake. Mvula ikagwa, misewu ya m'nkhalango ya tsanya imasanduka matope, alendo amachepa, ndipo antchito aganyu ndiwo amayamba kuuzidwa kuti akapumule kunyumba. Mu 2020, matenda a Covid-19 atafika, ndege zonyamula anthu zidaleka kutera m'dziko muno kuyambira mwezi wa Epulo mpaka Seputembala. Mphunzitsi wa Boma adapitiriza kulandira malipiro ake. Woperekera zakudya pa loji adakhala pansi. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

Motero amene zimawayendera kawirikawiri ndi amene sathamangira kulemba kalata yosiyira ntchito. Amayamba ndi zotsika mtengo: kukonza MSCE, kupeza chiphaso cha galimoto, kugula buku la mbalame ndi kuloweza maina ake m'Chingerezi pambali pa a Chichewa ndi Chiyao amene amawadziwa kale. Patchuthi amapempha kuthandizako pa malo ogona alendo a pa Liwonde, pafupi ndi mlatho wa Kamuzu Barrage, kuti aone ngati angapirire kuimirira tsiku lonse ndi kumwetulira mlendo wokwiya. Ena amabwerako atazindikira kuti choko ndi bolodi n'zopepuka. Ena amabwerako ndi dzina la bwana amene adzawalembere kalata yaumboni akadzamaliza sukulu.