Makina osindikiza zipangizo alowa m'nyumba, koma dzina la injiniya lili ndi njira yake

ULÓNGUÈ — Ku Angónia dzina loti injiniya silivuta kulipeza. Mnyamata wokonza njinga zamoto pamsika wa Ulónguè ndi injiniya. Bambo wowotcherera zitsulo ku Dómuè ndi injiniya. Ngakhale mwana amene wadzutsa wailesi ya agogo ake imene idagona chaka chathunthu, madzulo ake amamva akumuitana kuti: "A injiniya, bwerani nsima yapsa."

Ulemu umenewu sudabwere wamba. Pa nthawi ya nkhondo imene idatha mu 1992, anthu ambiri a kuno adathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu m'dziko la Malawi. Pobwerera adapeza zigayo zitafa, masitolo alibe kanthu. Amene ankatha kusula chitsulo, kulumikiza lamba woduka kapena kudzutsa injini yakale, ndiye adathandiza kudzutsa mudzi.

Lero ana ndi adzukulu a amisiri amenewa akuona pa foni chida china chatsopano. Ndi makina osindikiza zinthu, amene pa Chipwitikizi amati impressora 3D. Sasindikiza kalata kapena chithunzi ayi. Amatulutsa chinthu chenicheni chogwirika ndi manja: kagiya, chotsekera, chogwirira, kabokosi. Ang'onoang'ono ake amakwana patebulo la m'nyumba.

Funso limene makolo ndi achinyamata ayenera kulimvetsa bwino ndi ili: kodi amene wadziwa makina amenewa wasanduka injiniya? Malinga ndi malamulo a Moçambique, yankho ndi loti ayi. Koma akhoza kukhala atayamba ulendo wake bwino.

Monga woumba mbiya

Kuti timvetse makinawa, tiyang'ane mayi woumba mbiya. Amapota dongo, n'kuika mzere umodzi. Pamwamba pake amaika wina, kenaka wina, mpaka mbiya itaima. Makinawa amachita chimodzimodzi, koma m'malo mwa dongo amagwiritsa ntchito pulasitiki.

Pulasitikiyo imabwera ngati chingwe chokulunga pa gudumu, cholemera kilogalamu imodzi. Chingwe chofala chimakhala chonenepa mamilimita 1.75. Makina amachikoka n'kuchilowetsa m'kamlomo kotentha madigiri pafupifupi 200. Chimasungunuka, n'kutuluka pa kabowo ka mamilimita 0.4. Kamlomoko kamayenda uku ndi uku motsatira chojambula cha pa kompyuta, n'kumasiya mzere woonda ngati tsitsi lochindikala. Mizere isanu yokha ndiyo imakwanitsa milimita imodzi. N'chifukwa chake kachinthu kokwana m'dzanja kamatha kutenga maola awiri, atatu kapena kupitirira.

Kalipentala amatenga thabwa n'kuchotsako zosafunika. Makinawa sachotsa kanthu, amangowonjezera. Apa ndiye pagona kusiyana kwake.

Mlimi wa ku Angónia, dera lodziwika ndi chimanga, mbatatesi ndi nyemba, angaseke atamva kuti pulasitiki yofala kwambiri m'makinawa, yotchedwa PLA, imapangidwa kuchokera ku chimanga kapena nzimbe. Komabe chingwecho chimachokera kumafakitale a kunja, ndipo wochifuna ayenera kuchiitanitsa kutali.

Makinawa si a dzulo

Luso limeneli lidayamba kale. Mu 1986 Chuck Hull wa ku America adalandira chilolezo chomuteteza pa njira yake youmitsa madzi a pulasitiki ndi kuwala. Mu 1989 Scott Crump, wa ku America komweko, adalembetsa njira yosungunula chingwe imene tafotokozayi. Kwa zaka zambiri makina otere ankagulidwa ndi makampani akuluakulu okha, pa madola masauzande ambirimbiri.

Zinthu ziwiri zidasintha nkhaniyi. Mu 2005 mphunzitsi wa pa yunivesite ya Bath ku England, Adrian Bowyer, adayambitsa ntchito yotchedwa RepRap, ya makina otha kusindikiza zina mwa zipangizo zawo zomwe, ndipo mapulani ake adawapereka ulere kwa aliyense. Kenaka mu 2009 chilolezo cha Crump chidatha mphamvu. Makampani ambiri adalowa m'bwalo, mitengo idagwa. Masiku ano makina ang'onoang'ono amapezeka kunja pa mtengo wosafika madola 300, tisanawerengere mayendedwe ndi msonkho wa pachipata.

Mu Africa muno nawonso amisiri sadagone. Mu 2013 ku Lomé m'dziko la Togo, Afate Gnikou adamanga makina otere pogwiritsa ntchito zidutswa za makompyuta ndi makina ena otayidwa kudzala.

Zimene angathe ndi zimene sangathe

Ku Angónia phindu lake n'loonekeratu. Mzinda wa Tete uli pa mtunda wa makilomita oposa 200 kuchokera ku Ulónguè. Kachipangizo kakang'ono kakathyoka, mlimi amataya tsiku ndi ndalama za basi kukakasaka, mwinanso osakapeza. Chotsekera cha mpope wopopera mbatatesi, kabokosi kotetezera mawaya a sola, chogwirira cha makina osokera, kambale ka makina odzalira mbewu: zonsezi munthu wodziwa kuyeza ndi kujambula angathe kuzisindikiza kunyumba.

Koma pulasitiki ili ndi malire ake, ndipo apa ndi pamene pafunika kumvetsera.

Choyamba, PLA imayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 60. Chinthu chosiyidwa m'galimoto yotseka padzuwa la ku Tete chikhoza kupindika. Pafupi ndi injini yotentha sichingakhale n'komwe.

Chachiwiri, chinthu chosindikizidwa chimalimba mbali imodzi, n'kufooka mbali ina. Chili ngati chikuni: chimakana kuthyoka mopingasa koma chimang'ambika msanga motsata mitsempha. Pamene mizere yagundana ndi pamene chimalekana, ndipo nthawi zambiri sichichenjeza.

Chachitatu, pakati pa mizereyo pamatsala timipata tosaoneka ndi maso momwe litsiro ndi tizilombo zimabisala. Si chanzeru kusungiramo mkaka kapena phala la mwana.

Palinso mavuto a tsiku ndi tsiku. Magetsi akazima pakati pa ntchito, nthawi zambiri chinthucho chimaonongeka. M'nyengo ya dzinja chingwe chimamwa chinyontho, n'kuyamba kuthetheka ndi kuthyokathyoka ngati sichisungidwa m'chotengera chotseka bwino.

Tsono tiyerekeze kuti mnyamata wasindikiza zotsekera khumi, zonse zagwira ntchito. Mbiri yake yamveka. Tsiku lina amalume ake abwera ndi kachipangizo ka mabuleki a njinga yamoto imene amanyamulira anthu, n'kunena kuti: "Mphwanga, tandipangire aka, ku Tete n'kutali." Kuyang'ana ndi maso, kachipangizo kosindikizako kadzafanana ndendende ndi koyamba. Koma pa chitsikira cha phiri, kumbuyo kuli mayi ndi mwana, kufanana kokha sikuimitsa njinga. Apa mnyamatayo ayenera kudziwa kukana, ngakhale opemphawo ndi amalume.

Injiniya ndi amene amayankha mlandu

Kusiyana kwa mmisiri waluso ndi injiniya wovomerezeka sikuli m'manja ayi. Amisiri ambiri a kuno ali ndi manja oposa a anthu a madigiri. Kusiyana kuli pakuti injiniya amawerengera chinthu chisanapangidwe: chidzanyamula katundu wolemera bwanji, kwa zaka zingati, pa kutentha kotani, ndipo chikadzalephera chidzalephera motani. Akatha amasaina dzina lake. Chinthucho chikavulaza munthu, wosainayo ndiye amafunsidwa.

Anthu a chigawo cha Tete akudziwa kulemera kwa nkhani imeneyi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adadzaza mtsinje wa Revúbuè, umene madzi ake amachokera kumapiri a kuno, ndipo mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize udaduka. Mvula ya tsiku limodzi ikhoza kuyesa ntchito ya zaka zambiri. Kudziwa mphamvu ya madzi otero si nkhani yongoyerekeza ndi maso.

Ngakhale kumene makina osindikiza achita zazikulu, injiniya sadachoke. Mu 2021 m'boma la Salima ku Malawi, kampani ya 14Trees idamanga sukulu pogwiritsa ntchito makina aakulu osindikiza ndi simenti. Makoma ake adaima m'maola 18. Koma makinawo sadasankhe okha kuzama kwa maziko, kapena kasakanizidwe ka simenti, kapena kulemera kwa denga. Zimenezo zidawerengedwa ndi anthu, chifukwa m'katimo mukhala ana.

Njira ya ku Ordem

M'dziko muno bungwe loyang'anira mainjiniya ndi Ordem dos Engenheiros de Moçambique, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo nambala 16 la chaka cha 2002. Ndilo limalembetsa mainjiniya, kuwapatsa chiphaso chogwirira ntchito chotchedwa cédula, ndi kuweruza amene aphwanya mwambo wa ntchitoyi. Ku Malawi ntchito yofanana nayo ili m'manja mwa Malawi Engineering Institution, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2019.

Njira yake ili ndi makwerero atatu. Loyamba ndi kumaliza kalasi 12 m'gulu la sayansi, masamu ndi fizikisi zili bwino, n'kukhoza mayeso olowera kusukulu ya ukachenjede. Lachiwiri ndi digiri ya licenciatura, imene imatenga zaka zinayi kapena zisanu. Lachitatu ndi kulembetsa ku Ordem ngati estagiário, ndiye kuti wophunzira ntchito, n'kugwira pansi pa injiniya wodziwa kale, mpaka bungwelo litakhutira n'kumulandira ngati membala wathunthu.

Khwerero lachitatuli ena amaliona ngati lochedwetsa. Koma akulu adati safunsa adadya phula. Buku limaphunzitsa kuwerengera, pomwe wamkulu pantchito amaphunzitsa kumene masamu amanamiza munthu.

Kale mwana wa kuno wofuna uinjiniya ankayenera kupita mpaka ku Maputo, ku Universidade Eduardo Mondlane. Lero sukulu zayandikira. Instituto Superior Politécnico de Tete, imene idakhazikitsidwa mu 2005, imaphunzitsa uinjiniya wa migodi ndi wokonza miyala ya m'migodi. Instituto Superior Politécnico de Songo, ya mu 2008, ili pafupi ndi damu la Cahora Bassa lopanga magetsi okwana mamegawati 2,075, ndipo imaphunzitsa uinjiniya wa magetsi ndi wa madzi. Universidade Zambeze ili ndi maphunziro a uinjiniya ku Beira, komanso nthambi yake ya zaulimi ili konkuno ku Ulónguè. Tisaiwale kuti m'dziko muno katswiri wa zaulimi wa digiri amatchedwanso engenheiro.

Kuyandikira sikutanthauza kuphweka. Banja liyenera kupeza ndalama za malo ogona, chakudya ndi mabuku kwa zaka zingapo, kuchokera m'matumba a mbatatesi ndi m'mabelo a fodya. Amene sangathe ulendo wa yunivesite ali ndi njira ina yolemekezeka: masukulu a ntchito zamanja amapereka masatifiketi ovomerezeka ndi boma a amisiri a magetsi, makina ndi zomangamanga. Palibe injiniya amene amamanga mlatho yekha. Mutu umodzi susenza denga.

Phunziro la ku Kasungu

Achinyamata ambiri adamva za William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Kasungu. Ali ndi zaka 14, atasiya sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa fizi, adamanga makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugama, zidutswa za njinga ndi zitsulo zakudzala. Dziko lonse lidamutama. Koma chimene ambiri amaiwala ndi chakuti mwayi utapezeka iye adabwerera m'kalasi, mpaka kumaliza digiri pa Dartmouth College ku America mu 2014. Luso la manja lidamutsegulira khomo, iye sadaime pakhomopo.

Makina osindikiza angachitire mwana wa ku Angónia, wamwamuna kapena wamkazi, chimodzimodzi. Amamukakamiza kuyeza molondola, chifukwa akalakwitsa ndi theka la milimita chipangizo sichilowa. Amamuphunzitsa kujambula pa kompyuta, ndipo mapulogalamu ngati FreeCAD ndi aulere. Ngakhale amene alibe makinawo angayambe kujambula pa kompyuta ya kusukulu kapena ya mnzake. Amamuphunzitsanso kufunsa chifukwa chimene chinthu chathyokera, funso limene injiniya amakhala nalo moyo wake wonse.

Wofuna kuti maseŵero ake adzamuthandize kutsogolo asunge kope. Alembemo tsiku, miyeso, kutentha kumene adagwiritsa ntchito ndi nthawi imene ntchito idatenga. Apachike thumba la mchenga pa chinthu chimene wasindikiza, aziwonjezera kilogalamu imodziimodzi mpaka chithyoke, n'kulemba pamene chathyokera. Asinthe chojambula, ayesenso. Zothyokazo asataye, aziike m'katoni.

Ndipo mayeso a masamu akayandikira, makinawo azimitsidwe. Pamsika wa Ulónguè adzapitiriza kumuitana kuti a injiniya, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Koma kuti dzina lake lidzaoneke pansi pa pulani ya mlatho, njira yake idzadutsa m'kalasi 12, m'holo ya yunivesite ndi m'kaundula wa Ordem.