CIKEPE SICIDIKIRA MUNTHU

Ine ndimakhala ku Southerton, mu Harare, kumene nyumba za anthu zayandikana ndi mafakitale a mowa ndi a fodya, ndipo ndimagwira nchito m'fakitale ina ya komweko. Atate anga anacokera ku Dedza m'masiku a Federation, nagwira nchito ya pansi pa mgodi wa golide ku Shamva asanabwere ku Salisbury. Lero ndifuna kukuuzani mmene ndinaphunzirira kusunga nthawi, pakuti ndinaphunzira mowawa.

Caka ca 2019 madzi anacepa m'damu la Kariba, ndipo magetsi anali kuzima mpaka maola 18 pa tsiku. Anali kubwera usiku anthu atagona. Madzi a m'mipope nawonso anali kusowa. Tsono taonani tsiku langa: pakati pa usiku kudzuka kusita zobvala ndi kuphika nyemba, m'mbandakuca kukaima pa mzere wa pa mjigo, 7 koloko kulowa nchito, poweruka kupita ku Mbare Musika kukagula ndiwo. Kuonjezera apo ndinali msungicuma wa sosaite yathu ya maliro, ndiponso mlembi wa mpingo. Ali yense wondipempha kanthu ndinali kungomuyankha kuti "cabwino."

M'caka comweco atate anadwala, nagonekedwa m'cipatala. Nthawi yoona odwala njoikika, monga mudziwa. Tsiku lina Lacinai ndinacedwa pa msonkhano wa sosaite ku Rugare tikuwerenga ndalama, ndipo ndinafika pa cipata nthawi itatha. Mlonda sanalakwe ai. Wolakwa ndinali ine. M'mawa mwace ndinapeza atate atafoka kwambiri, nati kwa ine, "Mwanawe, dzulo ndinayang'ana ku khomo mpaka mdima. Ku Shamva cikepe sicinali kudikira munthu. Wocedwa, tikiti lace silinali kulembedwa tsiku limenelo. Nanga iwe cikepe cako nciti?" Ndinasowa coyankha. Patapita masiku anai anatisiya.

Maliro atatha ndinatenga kabuku ndi pensulo, ndi kulemba zonse zimene ndinacita mlungu wathunthu, ola ndi ola. Ndinadabwa. Nchito ya kwa bwana sindiyo inali kundidyera nthawi, koma mizere, maulendo obwerezabwereza ndi misonkhano. Pa mjigo pokha ndinali kuimapo maola oposa khumi pa mlungu, cikhalireco pa mphasa ndinali kukhalapo maola anai okha usiku uli wonse.

Tsono ndinagawa zocita zanga patatu. Zoyamba ndizo zimene ziri ndi nthawi yace yosasunthika monga cikepe: kulowa nchito, kuona wodwala, ndi kugona. Izi ndimazilemba poyamba, zinazo zilowe m'mipata yotsala. Musaseke kuti ndachula kugona. Inu oboola mwala mudziwa kuti munthu wa tulo pansi pa mgodi aika anzace onse pa ngozi.

Zaciwiri ndizo zogawana. Mabanja atatu tinasonkha ndalama ndi kugula wilibala, banja liri lonse likatunge madzi a onse pa tsiku lace. Ku Mbare Musika ndinayamba kupitako kamodzi kokha, Loweruka m'mamawa, kapepala ka zogula kali m'manja.

Zacitatu ndizo zokana. Apa ndipo pobvuta kwa ife, pakuti tinaleredwa kuti kukanira wamkuru ndi mwano. Koma ndinapita kwa akuru a mpingo ndi kuwapempha mwaulemu kuti ulembi apatse wina. Anadandaula mwezi umodzi, pambuyo pace anasankha mnyamata amene alemba bwino koposa ine. Paja makolo anati, ici cakoma ici cakoma pusi anagwa cagada.

Inu anzanga muli kutali ndi kwanu, ndipo ndidziwa kuti ovataimu, bawo ndi mowa wa Loweruka zonse zikuitanani. Lamulungu lino takhalani pansi, mudzifunse funso la atate anga lija. Ngati cikepe canu ndi mai okalamba amene ayembekeza kumva mau anu ku Mzimba, ku Katete kapena ku Angonia, ikani ola lowaimbira lamya, ndipo musalisinthanitse ndi kanthu kena. Ine ndinali nalo ola lotere Lacinai lija, koma linathera kuwerenga ndalama za sosaite.