Ndalama zanga zakwera galimoto ku Joni, ine ndili ku Kasiya

Amayi anzanga, Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi kufupi ndi Kasiya, mayi wina wa m'bungwe lathu anandikokera kuseri. Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa pepala lopindapinda. Ndinkayesa ndi za kusikelo, poti mwana wawo wamkazi anali ndi pakati poyamba, pa miyezi isanu ndi itatu. Koma linali pepala la ku banki, lija amati sitetimenti.

“Anamwino, tandionerani apa,” anatero monong'ona. “Ndalama zikuchoka zokha. Kaya ndi chitaka, kaya ndi bambo a kunyumba. Sabata ziwiri tsopano sitikuyankhulana bwino.”

Akauntiyo ndi imene amalandirira ndalama za fodya akagulitsa ku Kanengo. Anasiyamo ndalama zoti zidzathandize pa mayendedwe mwanayo matenda akadzayamba. Papepalapo panali mizere itatu ya dzina limodzi lachilendo, ndipo yonse pamodzi inadya ndalama zoposa K50,000. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti dzinalo ndi la kampani ina ya matakisi oitanira pa foni, ndipo pambali pake panali zilembo zitatu, ZAR. Zilembo zimenezi zimaimira randi, ndalama ya ku South Africa.

Ndinawafunsa ngati ali ndi m'bale ku Joni. Anayamba kaye akhala chete, kenaka anagwira pakamwa. Mwana wawo wamwamuna ali kumeneko. Pochoka anamulola kujambula khadi la ku banki, kutsogolo ndi kumbuyo, kuti limuthandize panjira.

Matakisi a pa foni amalipiritsa bwanji?

Kuno kwathu tikafuna ulendo timaimitsa kabaza kapena matola, timanenerera mtengo, timalipira pamanja, nkhani yatha. M'mizinda ikuluikulu muli njira ina. Munthu amaitana galimoto pa foni ya intaneti, foniyo imamuuza mtengo, dalaivala n'kubwera pamene waima. Uber inayamba ntchito imeneyi ku Johannesburg mu 2013, ndipo kumeneko kulinso Bolt. Ku Lusaka ambiri amakwera Yango. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre nakonso makampani otere ayamba kupezeka.

Chofunika kumvetsa n'chakuti munthu angathe kulembetsa khadi la ku banki m'foni mwake kuti lizimulipirira. Safuna nambala yanu yachinsinsi ija mumadina pa makina otapira ndalama. Safunanso kukhala ndi khadilo m'manja. Zimene amafuna ndi manambala 16 a khadilo, mwezi ndi chaka chimene lidzathe ntchito, ndi manambala atatu a kumbuyo. Likalembetsedwa kamodzi limakhala momwemo mpaka munthu atalichotsa. Ulendo uliwonse ndalama zimachoka zokha, khadi lili phee m'chikwama mwanu ku Nsaru.

Pali zifukwa zingapo zimene mzere wotere umasokonezera ngakhale munthu amene anakweradi galimotoyo. Tsiku lolembedwa pa sitetimenti likhoza kuchedwerapo ndi tsiku limodzi kapena angapo kuyerekeza ndi tsiku la ulendo. Nthawi zina kampani imayamba yagwira kaye ndalama pofuna kutsimikiza kuti khadi likugwira ntchito, ndipo ndalamazo zimabwerera pakapita masiku ochepa. Munthu akaitana galimoto n'kusintha maganizo dalaivala ali kale panjira, pamakhala kachindapusa. Mtengo umakweranso nthawi imene okwera achuluka, monga kukamagwa mvula. Ndipo ulendo ukalipiridwa m'marandi, banki imasintha ndalamazo kukhala makwacha n'kuikapo yake. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kaulendo kakafupi ku Joni kamaoneka ngati phiri tikakawerenga m'makwacha.

Mukaona mzere wachilendo

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanaloze munthu chala, khalani pansi ndi pepalalo muone zinthu zinayi: tsiku, dzina lolembedwapo, kuchuluka kwa ndalama, ndi mtundu wa ndalamayo. MWK ndi kwacha yathu, ZMW ndi kwacha ya ku Zambia, ZAR ndi randi, USD ndi dola ya ku America. Ngati kuwerenga kumakuvutani, pitani ndi pepalalo kwa munthu amene mumamukhulupirira, koma khadi ndi nambala yachinsinsi zitsale kwa inu.

Kenaka funsani pakhomo, mwaulemu. Ndani anagwirapo khadili? Ndani analijambula? Kampani iliyonse ya matakisi otere imasunga mndandanda wa maulendo m'foni ya wokwerayo: tsiku, kumene anakwerera, kumene anatsikira, ndi mtengo. Mayi aja tinawaimbira mwana wawo pa WhatsApp madzulo omwewo. Anatumiza zithunzi za maulendo ake, ndipo atatu anagwirizana ndendende ndi mizere itatu ija. Mnyamatayo analembetsa khadi la mayi ake atangofika, asanakhale ndi akaunti yake. Atapeza ntchito anayamba kulipira pamanja, koma masiku atatuwo foni inabwerera ku khadi lakale iye osazindikira. Analichotsa pomwepo, ndipo pakutha pa mwezi anabweza ndalamazo.

Ngati pakhomo palibe amene akudziwapo kanthu, musagone nazo. Imbani ku banki pa nambala yolembedwa pa khadi lanu, kapena pitani nokha ndi chiphaso chanu cha unzika. Auzeni atseke khadilo tsiku lomwelo, ndipo lembetsani dandaulo lanu. Pemphani nambala ya dandaulolo muisunge. Madandaulo a makhadi amakhala ndi nthawi yake, choncho kuchedwa kumachepetsa mwayi wobwezeredwa. Banki ikapanda kukuthandizani, muli ndi ufulu wokadandaula ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira mabanki onse m'dziko muno. Musachite manyazi kuti mwachokera kumudzi. Ndalamazo ndi thukuta lanu, ndipo safunsa anadya phula.

Chenjerani ndi “wothandiza” wa pa foni

Nthawi imene mtima uli m'mwamba ndi imene akathyali amaikonda. Tonse tinalandirapo uthenga uja wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Ena amachita kuimba, n'kudzitchula kuti ndi a ku banki kapena a kampani ya mafoni, amvekere ndalama zanu zadulidwa molakwika ndipo akufuna kukubwezerani, mungowauza nambala yachinsinsi kapena manambala amene angolowa pa foni yanu. Dulani foniyo. Wogwira ntchito ku banki, ku Airtel Money kapena ku TNM Mpamba sayenera kukufunsani nambala yachinsinsi. Ngakhale ejenti wa pamsika amene mumamudziwa, nambalayo dinani nokha.

Asungichuma a mabungwe athu ndi a banki mkhonde, nkhaniyi ikukukhudzani kwambiri. Ndalama za gulu zisasungidwe mu akaunti ya munthu mmodzi imene khadi lake limayendayenda pakhomo. Sitetimenti iziwerengedwa poyera pa msonkhano mwezi uliwonse. Mzere umodzi wosafotokozedwa ukhoza kuphwasula gulu limene mwalimanga zaka khumi, ndi kuipitsa mbiri ya mayi wosalakwa.

N'chifukwa chiyani mzamba akulemba za ku banki?

Chifukwa ndaona amayi akufika mochedwa kuchipatala, osati poti sanadziwe zizindikiro zoopsa, koma poti ndalama ya galimoto inasowa pa ola lofunika. Mayi amene akutaya magazi kwambiri atangochira akhoza kutisiya m'maola awiri okha akapanda kuthandizidwa. Usiku wa dzinja, msewu uli matope okhaokha, mwini galimoto sanyamuka ndi lonjezo. Kaya mukuthamangira ku Kabudula, ku St Gabriel's ku Namitete, kapena akutumizani ku Bwaila, ulendowo umafuna ndalama imene ilipodi.

Choncho mwana wanu kapena mpongozi wanu akafika miyezi isanu ndi iwiri, onani ndi maso anu kuti ndalama ya mayendedwe ilipo. Ina ikhale pamanja pamalo obisika, ina pa foni imene nambala yake yachinsinsi mukuidziwa inu nokha. Pemphani a ku banki kuti azikutumizirani uthenga pa foni ndalama iliyonse ikachoka. Sungani manambala a eni galimoto awiri a m'dera lanu. Ndipo ngati kwanu n'kutali, mayiyo apite kuchidikiro masiku ake asanakwane.

Mayi aja anapitabe ku banki kukatseketsa khadi lakale, poti chithunzi chake chinali chitayenda kale m'mafoni. Ndalama zitabwera kuchokera ku Joni anapatula ya galimoto, ndipo mwana wawo anakachira bwinobwino kuchipatala. Titakumananso ndinawafunsa za bambo a kunyumba. Anaseka, amvekere: “Ndinawaphera nkhuku. Kupepesa kunandivuta kuposa kupita ku banki.”

Pa msonkhano wanu wotsatira wa bungwe, mukatha mapemphero, wina abweretse sitetimenti yakale, aphimbe dzina ndi nambala ya akaunti, muphunzire limodzi kuwerenga mzere ndi mzere.